Alifabeti ya Phazi Lamanzere

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakwera masitepe a ku Alfama ndi thumba la makalata,
miyala ya mu Lisbon ikundizindikira ndi mgugu.
Koma sitepe imodzi, yonyowa ndi mvula ya Novembala,
inandikana ngati mlendo.
Kakolo anangoti thyo!
Makalata balala,
nkhunda n'kuuluka osandipepesa.

Masabata asanu ndi limodzi m'chikhakha.
Atachidula ndinaona mwendo wa munthu wina,
wowonda, wotuwa mbuu,
wosavomera ndikauitana.

Ku mafizo kuli Graciete,
wa manja ozizira ngati m'mawa wa padoko.
Za ululu sanayambe wafunsa.
Anati, "Bambo Hermínio, tayendani mukafike pazenera,"
maso ake ali pansi
ngati akuwerenga nkhani yolembedwa pasimenti.
"Phazi lanu mukuliopa," anatero.
"Nalonso likukuopani."

Anandikhazika pabedi, mwendo lende,
akuti ndilembe alifabeti m'malere ndi chala chachikulu.
Ine, wonyamula mawu a eni moyo wonse,
wosalemba ndi khadi la Khirisimasi lomwe!
A anatuluka wopendekeka ngati denga lakugwa.
B anandiluma kuseri kwa chidendene.
Pofika pa G ndinatukwana.
"Limenelo mu alifabeti mulibe," anatero Graciete.

Lachinayi anakhuthula mabo khumi pansi
kuti ndizitola ndi zala zakuphazi n'kumaponya m'kapu.
Ndinatola awiri. Wachitatu anathawira kunsi kwa kabati.
Pambali panga Iolanda, mtsikana wovina,
anatola onse khumi osayang'ana
kenako n'kulira mwakachetechete,
poti kutola mabo si kuvina.
Baltazar, woperekera zakudya mu lesitilanti ya kumtsinje,
amene chidendene chimamubaya akangotsika pabedi,
anamupatsa mpango, maso ali kumbali.

Ululu, akuti, ulipo wamitundu iwiri.
Wokoka uja, mulole alowe, mupatseni mpando,
muwerenge naye mpaka makumi atatu.
Wobaya ngati singano, mutsekereni kunja.
Zinanditengera mwezi kuti ndisiyanitse kugogoda kwawo.

Kunyumba ndimagudubuza botolo la madzi oundana kunsi kwa phazi.
Ndimakwinya thaulo ndi zala.
Lamba wa labala ndam'manga ku mwendo wa tebulo,
timakokana madzulo onse, ndipo amapambana ndi iye.
Potsuka mano ndimaima mwendo umodzi
ngati dokowe pamwamba pa tchalitchi,
thovu kukamwa, dzanja likusakasaka khoma.
Masiku ena sindichita chilichonse.
Graciete amadziwa, sindidziwa bwanji,
amangogwira katumba n'kuti, "Mhm."

Mu Malichi ndinabwerera, thumba lodzaza theka.
Mayi Perpétua anatsitsa dengu lawo pachingwe
kuchokera pazenera la m'mwamba,
akudandaula kuti mnyamata wogwirizira uja
amathamanga, inde, koma moni alibe.

Sitepe ija ilipo.
Yaing'ono kuposa mmene ndinkaiganizira usiku,
yobenthuka pangodya, kaudzu katamera m'mng'alu.
Ndinaiponda ndi phazi lamanzere,
lamanja ndinalikweza,
ndinawerenga, kakolo akunjenjemera, akudzikonza yekha,
akunjenjemeranso.
Pa makumi awiri ndi zitatu ndinagwira khoma.
Sindinauze Graciete kuti zinali makumi atatu.

Alifabeti anandimasula kalekale,
koma usiku, nyali ndathimitsa,
ndimatulutsa phazi m'bulangete n'kumalembabe.
Dzina limodzi lokha, la amene ankagona mbali inayi.
O ndiye wovuta:
amafuna kakolo azungulire yense,
adutse pamene panathyoka
n'kubwerera pomwe anayambira.
Ndikamutha iyeyo, enawo amangobwera okha,
d, e, t, e,
kalata yopanda sitampa,
yopanda khomo loti ndikagogode.