Njerwa za ku Kanyama

Mvula yagwa usiku wonse, Kanyama wasanduka dziwe.
Ndadzuka kusanayere, thalauza ndapinda mpaka m'mawondo,
Baibulo m'pulasitiki, tayi m'thumba,
ndikuyala njerwa kuchokera pamsewu kukafika pakhomo la tchalitchi,
iyi, inayo, inanso,
kuti Mayi Tisauke asanyowetse chitenje chawo cha Lamulungu.

Tchalitchi ndi dzina chabe.
Ndi kalasi yobwereka pa sukulu ya a Kaluwa,
timabenchi ta ana toluma mawondo a akulu,
pa bolodi padakali masamu a Lachisanu.
Lendi ya miyezi iwiri yagona pakhomo ngati galu wa eni.

Chaka chatha tinali makumi asanu ndi limodzi.
Kenako kuseri kwa msika kunabwera mneneri wa masipika aakulu,
wogulitsa mafuta m'timabotolo,
ndipo anthu anatsetsereka monga madzi atsata kotsika.
Sindiwada ayi. Njala ili ndi makutu aatali.
Kolera inatenga atatu. Ndinawaperekeza ku Chingwere,
osaloledwa ngakhale kukhudza bokosi.
Usiku umenewo ndinafunsa Mwini ntchito mafunso
amene sindingawabwereze pa guwa.
Sanayankhe.
Koma kunacha.

Mkazi wanga Mwatitha amagulitsa tomato ku Soweto.
Amati: Abusa, nkhope yanu ndiyo ulaliki woyamba,
musatuluke nayo yokwinyika ngati malaya a pansi pa thumba.
Ndiye ndimaisita ndi kuseka,
poti malaiti anapita dzulo ndipo makala akwera mtengo.

Lero tabwera khumi ndi anayi, kuwerengera ndi khanda.
Denga likudontha pa Masalimo penipeni.
Tasuntha tebulo, taika beseni,
dontho layamba kutiombera ng'oma: tho, tho, tho.
A Kamzimbi, amene mano anawathera kalekale,
ayambitsa nyimbo pamwamba zedi,
tonse tikukwera nawo mobuula ngati basi yodzaza ya ku Matero,
mpaka taphulika ndi phwete pakati pa vesi.
Ndikhulupirira kumwamba sanakwiye nazo.

M'mbale ya chopereka muli makwacha makumi atatu ndi asanu,
batani limodzi,
ndi dzira lowiritsa lokulungidwa m'kansalu.
Dziralo ndapatsa mnyamata wokankha wilibala
amene anaima pawindo kuthawa mvula
n'kukhala mpaka pa Ameni.
Walisenda pomwepo, maso ali pansi,
n'kufunsa ngati sabata yamawa tidzakhalaponso.
Ndati tidzakhalapo.
Mawuwo atuluka okha, lendi isanawagwire pakhosi.

Amene anandituma sananene kuti Kanyama adzauma.
Anangoti pita,
ndipo ine ndinapita ndi nsapato imodzi yobooka.

Onse atabalalika ndapindanso thalauza,
ndikutola njerwa zanga zisanapeze mwini wina.
M'mawa ndinayala makumi awiri, ndinawerenga bwino.
Tsopano ndapeza makumi awiri ndi zitatu.
Wina, sindikumudziwa,
waona kuti mapazi anga amatalikitsa,
waonjeza zake pamene ana akanagwera m'matope.

Ndaima m'madzi ofika m'akakolo,
njerwa yachilendo ili m'manja,
yakuda, yobenthuka pakona,
ndipo ndikuseka ndekha ngati wopenga,
mpaka mayi wa pa kantemba wafuula:
Abusa, mwatola ndalama kodi?