Mazira a Yotamu

Ine ntchito yanga inali choko.
Bolodi tinachita kubwereka pa sukulu ya ku Santhe,
n'kulikhomera pa muwanga kuseri kwa golo,
ndipo Loweruka lililonse, fodya akapachikidwa m'zigafa,
ndinkakwera pa mgolo kudikira choti ndilembe.

Chaka chimenecho m'pamene mpira unayamba kulipira.
Bwana wa esiteti anati: wosewera aliyense, matambala makumi asanu;
goloboyi akapanda kulowetsa, paketi ya shuga pamwamba.
Tinaseka.
Ndani analandirapo malipiro a chinthu chimene sichinachitike?

Yotamu Kapyola sanaseke nawo.
Anali wosankha fodya, wa zala zodziwa tsamba,
zala zakuda ndi phula limene sopo analilephera,
ndiye mpira ukati ufike m'manja mwakemo
unkangoti kakamiru, ngati mpheta pa ulimbo.
Magolovesi kunalibe. Jombo ankavala kapitawo yekha.
Golo linali mabulugama awiri opindika
ndi chingwe cha khonje cholendewera pakati.

A ku Chamama anabwera pa thirakitala, akuimba.
Anabwerera ndi dzira.
Ndinalijambula mosathamanga, lozungulira bwino,
kuti ngakhale wokhala ku chulu uko aliwone.
A ku Mtunthama, dzira.
A ku Bua anabwera ndi munthu wawo wa nsupa,
anakwirira zinthu pangodya usiku,
koma nawonso, dzira.
Sindinkafufuta. Ndinkangowandanda m'munsi mwa bolodi
mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa anayamba kufunsa
kuti nkhuku imeneyi ifungatira liti.

Wogoletsa ankamunyamula pamapewa mpaka ku msika.
Yotamu ankasasa fumbi m'mawondo,
shuga m'khwapa, yekhayekha, kulowera ku mithando.

Dzira lachisanu ndi chinayi linamudyera chala.
Ndinamva kuthyoka kwake ndili pa mgolo pomwepo,
thoo! ngati phesi louma.
Anachimanga ndi luzi, n'kundiyang'ana, n'kupukusa mutu:
usanene.
Sindinanene.
Lolemba, kushedi, tsamba linkam'pulumuka,
la giredi yabwino n'kuliponya kwa makatala,
kalaliki n'kumalemba zake m'kaundula.

Lakhumi. Lakhumi ndi limodzi.

Amene anaswa sanali mlendo ayi.
Anali mlamu wake, Filimoni,
pobwezera mpira kumbuyo osacheuka,
mpira n'kugunda chitsa cha chimanga cha chaka chatha,
n'kudumpha, n'kudutsa pang'onopang'ono
ngati munthu wolowa m'nyumba ya maliro.
Bwalo lonse linati zii.
Ndinakweza dzanja kuti ndilembe wani,
kamzere kamodzi kokha, mwana wa sitandade wani amatha,
choko n'kundithyokera kawiri.

Mvula itayamba aphunzitsi anaitanitsa bolodi lawo.
Mwana wina analifufuta ndi chisanza chonyowa
kuti alembepo tsiku.

Lero esitetiyo ndi tchire, zigafa zinagwa.
Yotamu amakonza njinga pa Santhe pamsewu;
akakulozera kumpoto, chala chimaloza kwa Mkanda.
Anyamata a kabaza sadziwa.
Akawauza amafunsa kuti, munagoletsa zingati, agogo?
Iye amangoseka, n'kupopa tayala.

Zimene sizinachitike zimasowa mboni.
Koma ine ndinalipo, ndinaziwerenga.
Mpaka lero dzanja lonjenjemerali
likagwira kamtengo pa dothi
limazungulira lokha, osadukiza,
n'kukatseka mzere pomwe linayambira.