Khoma la pa Siteji ya Basi

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndinkakolopa pansi pa doko la Delfzijl.
Ndimatero pocheza, kukolopa,
koma chinali chombo cha mapaipi onenepa ngati mimba ya ng'ombe,
chokwekweretsa mlomo wake m'thope usiku wonse
kuti sitima za mchere ndi matabwa zisakhule pansi.

Tikadzaza tinkapita kutali, kuseri kwa nyali zofiira,
kaputeni Wiebe n'kutsegula zitseko za kunsi.
Khuthu!
Madzi bii ngati khofi wogona.
Pobwerera tinkadya buledi ndi tchizi osayankhulana
poti tonse tinkadziwa:
pofika Lachinayi mafunde akhala atabweza katundu yense
pamalo pomwe tinamuchotsa.
Kunali kutungira madzi m'dengu,
koma lendi inkalipidwa.

Geeske ankandivulitsa jombo pakhomo.
Fungo la mazira owolalo, ankatero, lisiye panja.
Chaka cha chisanu choopsa chija, zala zitachita dzanzi,
mphete yanga yaukwati inavukira limodzi ndi golovesi,
chubwi!
Sanakalipe. Anangondiyang'ana dzanja nati, Eppo,
wakwatira matope tsopano, uziwasamala.

Kenaka kunabwera mtsikana wa chipewa choyera,
Marrit, mwana wa Doornbos wokonza njinga uja,
ndi timabotolo take tolemba manambala.
Ankanunkhiza thope ngati munthu wogula nsomba.
Akuti izi si zinyalala, bambo, ndi dothi losokera.
Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Koma anawapopera kumtunda ndithu,
m'maiwe aakulu kuseri kwa chikhoma chotchinga nyanja,
n'kuwasiya.
Mvula inachapa mchere. Mphepo inamwa madzi.
Chaka choyamba linali phala,
chachiwiri ming'alu yolowa dzanja lonse,
thirakitala ikutembenuza uku ndi uku ngati mlimi woiwala mbewu.
Chachitatu kunamera udzu, mbalame n'kuikira mazira.
Matope ena anawakana:
munali mafuta a sitima zakale, mtovu,
utoto umene bambo anga ankapala pa zombo n'kukankhira m'madzi.
Machimo a doko sasukika onse.
Otsalawo anawasefa, kuwasakaniza, kuwapanikiza m'zikombole,
ine ndikuonera patali, manja m'thumba.

Lero ndili pa penshoni,
mawondo amalira ngati tcheni cha nangula.
Lachitatu lililonse ndimadikira basi ya teni koloko
yodutsa kumanda kumene Geeske anagona,
maluwa m'pepala, pansi pa kadenga katsopano
pa msewu wa ku Farmsum.
Khoma lake ndi lotuwa, losakongola kwenikweni,
njerwa zake zozizira ngati m'mawa wa pa doko.
Pakona anakhoma kachikwangwani konena kumene zinachokera.
Ine sindiwerenga. Timadziwana.
Mwina thope ili ndinalikweza kasanu, kulitaya kasanu,
ilo n'kubwerera kasanu ngati galu wokana kugulitsidwa.
Tsopano laima chilili,
likunditchinga mphepo yomwe inkandimenya nalo limodzi.

Ana asukulu amatsamirapo, amamatapo chingamu.
Wina walembapo kale dzina la chibwenzi chake,
molakwitsa chilembo chimodzi.
Ine ndimayendetsa chala m'mizere,
njerwa ndi njerwa, kuyambira pansi,
woyendetsa basi akundiyesa wosokonekera.
Ndapezamo kachigoba ka nkhono
kochepa ngati chikhadabo cha khanda,
ndi kadontho kofiira komwe sindikudziwa kuti n'chiyani.

Marrit akuti mphete singadutse pa sefa yawo,
akuti akanaiona, akanandiimbira foni.
Ndikudziwa. Ndagwira makina moyo wanga wonse,
palibe chondiphunzitsa za mabowo a sefa.
Komabe mzere wachisanu ndi chiwiri sindinaumalize,
ndipo basi ikachedwa
sindidandaula.