Makapu Awiri

Ndikamaweruka ku ulonda
matakisi a ku Jeppe amakhala atayamba kale kulalatirana,
Elube ali chiimire pambali pa ketulo,
bulangete m'mapewa, Juni wa ku Joni akuluma zala.

Pa shelefu yathu pali mabotolo asanu ndi awiri.
Kale munali jamu ndi khofi wa kwa abwana ake.
Lero lina muli chammwamba chouma
chimene chinakwera basi masiku awiri,
kudutsa Mwanza, Tete, Beitbridge,
chitabisala pakati pa usipa ndi mtedza.
Lina muli jinja. Lina masamba a dzina lachizungu
amene anagula ku famase ndi ndalama ya nsapato.
Lina muli makungwa ofiira a ku msika wa Faraday:
mayi wogulitsa analankhula Chizulu chothamanga,
ife tinangomva mtengo wake.

Zaka zinayi.
Zaka zinayi akumwa zowawa osakwinya nkhope,
atasiya shuga, atasiya kokakola,
akusakasaka bonongwe ndi therere m'misewu ya Yeoville,
akukazinga nthanga za maungu Lamulungu lililonse,
akulemba timitanda pa kalendala ya kwa ogulitsa mabokosi a maliro,
poti ndiyo tinapatsidwa yaulere.
Mwezi ukabwera, umabwera ngati mwini nyumba,
osagogoda,
iye n'kuchapa mwakachetechete, n'kupita kukalera ana a eni.

Ine ndinkatani?
Ndinkadya chipisi cha pa ngodya, ndudu kukhutu,
Loweruka mabotolo anayi ndi anyamata a kwathu.
Mlongo wanga Felesiya akatumiza mawu pa foni,
akuti, achimwene, mbuzi yosaswa sitaya nayo msipu,
ndinkangotsitsa voliyumu.
Sindinamuyankhe. Ndimati kukhala chete n'kuteteza.

Ndiye kukiliniki nesi wina wamfupi, magalasi pamphuno,
anayang'ana khadi la Elube, lodzaza mbali zonse,
n'kufunsa: kodi munda uno mumalima nokha?
Bambo ali kuti?

Ndinapita mokokedwa ngati ng'ombe ya ku dibi.
Anandipatsa kabotolo, n'kundilozera chitseko.
Patatha sabata, pepala.
Mbewu zilipo, anatero dokotala, koma n'zochepa,
ndipo zambiri zikuyenda ngati zatopa.

Pepalalo linagona m'thumba la jekete masiku atatu.
Linalondera nane geti la fakitale,
ndikuyang'ana milu yachikasu ya migodi
imene agogo anga aamuna anathandiza kuunjika,
iwo amene anasiya ana khumi ndi mmodzi ku Ntcheu.

Nditamuuza, ndinadikira mkuntho.
Ndinadikira kuti awerenge zaka zija chimodzichimodzi,
makungwa onse, mawu onse a Felesiya.
Anakhala pa bedi nthawi yaitali.
Kenako anaimirira, n'kutsitsa kapu yachiwiri,
ija yothyoka chogwirira,
anaitsuka fumbi, anathira.
Imwani, n'zowawa, anatero. Muzolowera.

Dokotala sanalonjeze kanthu za masamba.
Anati tiyi ndi tiyi, bola muzindiuza zimene mukumwa,
za m'makungwa zosadziwika dzina zija siyani.
Anati siyani fodya, gonani mokwanira, idyani zobiriwira,
mubwerenso miyezi itatu ikatha.
Kugona ndiye kovuta kwa mlonda.
Fodya ndasiya, zala zikumufunabe.

Tsopano m'kachikwama kanga ka ku ntchito
mumakhala dzira lowiritsa, peyala, nthanga zodzaza dzanja.
Anzanga akuti ndasanduka mbalame.
Aseke.

Dzulo ndinamuimbira Felesiya.
Ndinati, mbuzi ija umanena ndi ine.
Foni inakhala chete mpaka mayunitsi anatha.

M'mawa uno magetsi anazima ketulo isanawire.
Tinamwa wofunda chabe, titagundana maondo.
Kuseri kwa khoma la matabwa
khanda la a ku Mozambiki linayamba kulira,
ndipo Elube, osadziwa,
anali akugwedeza kapu yake pang'onopang'ono.