Funde Losamwazika

Magetsi azimanso ku Kharkiv.
Yaryna wasiya masamu ake patebulo,
wakaima pamasitepe
pomwe anansi akupatsirana ndowa za madzi
mpaka nsanjika yachisanu ndi chinayi.

Palibe akusuntha phazi. Ikuyenda ndi ndowa.

Umu ndi mmene pulotoni imadumphira, akuganiza,
dzanja ndi dzanja pa unyolo wa puloteni,
pa timfundo ta haidirojeni
tosalimba ngati moni wa munthu wodutsa.
Pomwe mphamvu yafika, unyolo umafinyika pang'ono,
kufinyikako n'kuifumbata kuti isamwazike,
ziwirizo n'kumayendera limodzi:
funde limodzi lokha, lofika lathunthu.

"Gwira, mwana iwe!" akalipa a Ostap,
ndevu zili mbuu ndi chisanu.

Madzi akhuthukira m'nsapato zake.
Masamu aja sanawerengereko
kunjenjemera kwa manja.