Pokhota pa Dona Jurema

Pa pepala la injiniya njira inali yowongoka
ngati chingwe cha mmisiri,
kuchokera pa mlatho wakale kukafika kumsika wa nsomba,
kutsata mtsinje wa Capibaribe, mumzinda wa Recife.
Ife tinabwera ndi mawilibala ndi mapiki.
Tinapeza matayala akutha, firiji yopanda chitseko,
nsapato imodzi ya mwana,
ndi nkhanu zikutisuzumira m'matope.

Miyezi isanu ndinaitha chogwada.
Mchenga, njerwa, nyundo, njerwa ina.
Edvaldo ankaimba mluzu,
Genival ankatukwana dzuwa ngati lili ndi makutu.

Tsiku lina chingwe chinagunda mtengo wa mango.
"Dulani," anatero injiniya, osatsika n'komwe m'galimoto.
Koma Dona Jurema, wogulitsa madzi a kokonati,
anakhala pa mizu, chikwanje chake pamiyendo.
"Mtengowu ndinaupeza. Malemu amuna anga anaupezanso.
Inu mwabwera dzulodzuloli."
Masiku atatu, phee, osasuntha.
Usiku wachinayi Genival anazula zikhomo,
ine ndinagwira tochi,
tinakhotetsa chingwe mapazi khumi ndi awiri.
Kutacha injiniya anayang'ana, anadzikanda m'khosi,
analemba kanthu m'kabuku kake. Sanatifunse.

Mvula ya Juni inakokolola theka la ntchito yathu.
Tinabwerera, tinagwadanso.

Lero pitani mukaone mbandakucha:
othamanga a nsapato zowala, mawaya m'makutu,
namwino akupalasa njinga, tulo tili m'maso,
bambo uja anafa mbali imodzi
akuwerenga mapolo a magetsi, dzana asanu, lero asanu ndi awiri,
mkazi wake pambuyo atanyamula kampando.
Ana a sukulu amajambula pa njerwa ndi choko,
agalu amakoka eni ake.
Onsewo, akafika pa mango, liwiro limatha lokha.
Wanjinga amagwira mabuleki, wothamanga amapeza mpweya,
chikwanje cha Dona Jurema chimati khapu!
ndipo anthu osadziwana amamwa ataimirira pamthunzi umodzi.

Pa chikwangwani cha pa mlatho mayina alipo ambiri.
Langa palibe, la Genival palibe.

Lamlungu ndimayendamo ndi mkazi wanga Neide.
Iye amati, "Taona akakowa pamadzi apo,"
koma maso anga amakhala pansi.
Ndimadziwa pamene mchenga unatiperewera,
pamene Edvaldo anadziphwanya chala,
ndiponso njerwa imodzi yopendekeka, pafupi ndi benchi yachitatu,
imene ndinaiika manja akunjenjemera
foni itangolira kuti mwana wanga wachira, ndi wamkazi.

Kamdzukuluko tsopano kayamba kuyenda.
Sabata yatha kanapunthwa pomwepo,
kanagwa chafufumimba, kanandiyang'ana ngati kakudziwa.
Neide akuti ndibwere ndi nyundo ndidzaikonze.
Ndamuuza kuti mawa.