Lichero Pansonga pa Paini

Nthambi ya paini ndinaigula kwa ocheka matabwa
kuseri kwa phiri la Dedza,
n'kuibweretsa panjinga ikundikwapula kumsana,
utomoni wake utamata shati yanga yabwino.
Tinaiimika m'chitini cha penti chodzaza mchenga
pakati pa makina anga osokera ndi zenera.

"Chaka chino nyenyezi za pepala ayi," anatero Sungeni.
Anatulutsa kope la masamu lolembedwa kuyambira kumbuyo,
momwe muli nthano yake, masamba khumi ndi anayi:
sukulu ya amatsenga m'mimba mwa phiri lathu lomweli,
kumene ana amaphunzira kusoka nkhungu kuti ikhale bulangeti
ndi kunong'oneza mbatatesi kuti zisaole m'munda.
Mphunzitsi wamkulu akuti ndi wachibwibwi,
choncho matsenga ake amachitika kawiri:
akaitana mbuzi imodzi, zimabwera ziwiri.

Loweruka lonse ndinagwira ganyu yopanda malipiro.
Zigamba za mayunifolomu a eni
zinasanduka tizisoti tosongoka, tokwana pachala.
Zitsononkho tinazimera mapiko, zinakhala akadzidzi
a maso a mabatani,
mmodzi diso lakuda, lina lofiira,
poti mabatani ofanana anatithera.
Timitengo ta machesi tinavala pepala lonyezimira la tiyi,
akuti ndizo ndodo zogwetsera mvula.
M'timabotolo ta mankhwala a chifuwa munalowa madzi a chidede
ndipo ndinaletsedwa kununkhiza:
"Adadi, mumera mchira."

Kunja mvumbi sunaleke.
Ngumbi ziwiri zinalowa, zinadzipachika zokha panthambi.

Pansonga penipeni, pamalo pa mngelo wa chaka chatha,
mwana anaika kalichero kukula ngati chikhatho,
koluka yekha ndi nsungwi, kokhota mbali imodzi.

Ndiye kunamveka odi.
Achemwali anga aNamaseko, akuchokera ku Mvano,
ambulera ikudontha, Baibulo m'jumbo.
Anaima pakhomo, kukamwa yasa.
"Achimwene, kadzidzi m'nyumba ya mkhristu?
Ndi lichero pamwamba!
Anthu m'laini muno adzatiyesa chiyani?"

Ine malovu anauma.
Tinakulira nyumba imodzi ine ndi iwo,
kadzidzi akalira padenga tinkamugenda ndi chikuni cha moto
n'kugona maso ali gwa.

Sungeni sanasiye kumanga ulusi wake.
"Azakhali, ili si la zoipa.
M'nthano mwanga lichero limanyamula anthu amene ali kutali,
opanda pasipoti, opanda ya basi.
Limanyamuka ku Joni mbale zikatha kutsukidwa
n'kudzatera pa Dedza tambala asanalire.
Wokwera amangofunika juzi."

Magetsi anasankha nthawi yomweyo kuthima.

Iyi ndi Khirisimasi yachitatu
mayi ake ali m'khitchini ya eni kumeneko.
Mawu awo amatipeza pafoni, oduka-duka,
nsapato zimene anatumiza zinafika mwendo utakula kale.
Zonsezi palibe anazitchula mumdimamo.
Tinkangomva denga likudontha m'beseni.

Ndinayatsa kandulo.
Akadzidzi anakula pakhoma kuposa ife tonse,
tizisoti tinafika kudenga,
fungo la paini ladzaza chipinda ngati tili m'nkhalango ya Chongoni.
Achemwali anakhala pabenchi la makasitomala,
anayang'ana mtengo uja nthawi yaitali,
kuposa mmene amayang'anira msoko wanga akafuna kundidula mtengo.

Kenaka anati, "Lapendekeka.
Munthu angagwe asanafike ndi pa Tete pomwe."

Anamasula phini pabulauzi yawo yoyera,
anavula nsapato, anakwera pabenchi,
ine nditagwira benchi, mwana atakweza kandulo,
n'kulibaya lichero lija kunsonga mpaka linakhala nji.

Potsika anapukuta utomoni m'chitenje,
anatola ambulera yawo, n'kucheuka pakhomo:
"Koma wa diso lofiirayo, Sungeni,
um'tembenuze, aziyang'ana kukhoma."